Kulemba Netiweki M'fayilo: Mafunso ndi Mayankho pa Seva ya Pakhomo ndi Kompyuta ya Patebulo

Kompyuta iliyonse yolumikizidwa ku netiweki imafunika kudziwa zinthu zinayi: adiresi yake ya IP, kukula kwa netiweki imene ilimo, chipata chotulukira kupita ku intaneti, ndi seva ya DNS imene imasandutsa mayina a mawebusaiti kukhala manambala. Zinthuzi zingaperekedwe kwa makina m'njira ziwiri. Munthu angalamule kompyutayo chinthu chimodzichimodzi mpaka zonse zitakhala m'malo, kapena angalembe m'fayilo mmene netiwekiyo iyenera kukhalira n'kusiyira pulogalamu ntchito yoifikitsa pamenepo. Njira yachiwiriyi ndi imene akatswiri amaitcha declarative, ndipo mu Linux ndi imene yazika mizu pa maseva ambiri.

Kodi njira ziwirizi zimasiyana pati kwenikweni?

Munthu wofuna suti amapita kwa telala ndi nsalu, telalayo n'kulemba muyeso m'kabuku: chifuwa chakuti, manja akuti, thalauza lotalika chakuti. Mwini nsalu saimirira pambali n'kumanena kuti dulani apa, pindani apa, sokani apa. Wanena chimene akufuna, ndipo kayendetsedwe ka sizasi ndi nkhani ya telala. Suti ikang'ambika, muyeso ulipobe m'kabuku, ndipo ina yofanana nayo ikhoza kusokedwa.

Fayilo ya makonzedwe a netiweki ndi muyeso woterewu. Imanena kuti khadi lakutilakuti likhale ndi adiresi iyi, chipata chikhale ichi. Sinena choyamba kuchitika ndi chotsatira. Pulogalamu imene imaiwerenga imaona mmene zinthu zilili pa makinawo, imafananiza ndi zolembedwazo, n'kukonza pamene pakusiyana. Chifukwa chake fayilo imodzimodziyo ikagwiritsidwa ntchito kamodzi kapena kakhumi, zotsatira zake sizisintha. Khalidwe limeneli akatswiri amalitcha idempotence, ndipo pa ilo ndi pamene pagona phindu lonse la njirayi.

Nanga njira yolamula inalakwa chiyani?

Siinalakwe pa ntchito yake. Pofufuza vuto kapena poyesa chinthu kwa mphindi zochepa, palibe choposa lamulo la `ip`. Munthu akalemba `ip addr add 192.168.1.20/24 dev enp3s0`, kenako `ip route add default via 192.168.1.1`, kompyuta imalumikizika nthawi yomweyo.

Zovuta zake ndi zitatu. Choyamba, malamulowa amasintha zimene kernel yasunga m'chikumbukiro chake chokha, ndipo makina akazima zonse zimafufutika. Chachiwiri, sakonda kubwerezedwa: lamulo lachiwiri lija likalembedwanso, kompyuta imakana n'kunena kuti njirayo ilipo kale, ndipo mndandanda wa malamulo wolembedwa mosasamala ukhoza kuthera pomwepo zotsalazo zisanachitike. Chachitatu ndi chimene chimazunza kwambiri. Pakapita chaka, seva imakhala itakhudzidwa kambirimbiri: lero adiresi yachiwiri, mwezi wamawa njira yapadera yopita ku netiweki ya kuntchito, tsiku lina kakusintha ka usiku kothana ndi vuto ladzidzidzi. Palibe pamene zonsezi zinalembedwa. Diski ikafa, mwini wake amagwira njakata, chifukwa makonzedwe enieni a sevayo anali m'mutu mwake, ndipo mutuwo unaiwala kale theka.

Debian inayesa kuthana ndi zimenezi kalekale ndi fayilo ya `/etc/network/interfaces`, imene pulogalamu ya ifupdown imawerenga. Fayiloyi ili pakatikati pa njira ziwirizi. Adiresi ndi chipata zimalembedwa ngati muyeso, koma chilichonse chovutirapo chimalowa kudzera m'mizere ya `pre-up` ndi `post-up`, imene ndi malamulo wamba obisala m'fayilo. Ilinso ndi msampha wodziwika: munthu akasintha fayiloyo asanatsitse khadi, `ifdown` imayesa kuchotsa makonzedwe atsopano amene sanakhalepo n'komwe, akale aja n'kutsalira.

Kodi ganizoli linachokera kuti?

Linabadwira kumene makompyuta anali ochuluka kuposa manja owasamalira. Mu 1993 Mark Burgess, ali ku yunivesite ya Oslo ku Norway, analemba CFEngine, pulogalamu yoyendera makina mobwerezabwereza n'kumawabwezera ku makonzedwe olembedwa. Puppet ya Luke Kanies inatsatira mu 2005, ndipo Ansible ya Michael DeHaan inatuluka mu 2012. Ku Utrecht, m'dziko la Netherlands, Eelco Dolstra anayamba Nix mu 2003, imene inadzabala NixOS.

Makampani aakulu ankafuna zidazi kuti ayendetse maseva mazanamazana. Koma munthu wa seva imodzi yokhala pansi pa tebulo amapindula nazo mwina kuposa iwo, pakuti alibe mnzake woti amufunse kuti kodi paja tinachita bwanji chaka chatha.

Ndi mapulogalamu ati amene amagwira ntchitoyi pa Linux?

Odziwika kwambiri mwa amene amakhudza khadi la netiweki mwachindunji ndi awiri. Woyamba ndi systemd-networkd, amene analowa mu systemd mu 2014. Amawerenga mafayilo a mu `/etc/systemd/network/`: a mathero a `.network` amanena adiresi ndi njira, a `.netdev` amapanga makhadi ongoyerekeza monga mlatho kapena VLAN, ndipo a `.link`, amene amawerengedwa ndi mbali ina ya systemd, amakhudza dzina ndi zina za khadi lenilenilo. Fayilo iliyonse ya `.network` ili ndi chigawo cha Match, chonena khadi limene ikukamba, ndi chigawo cha Network, chonena zoti khadilo likhale nazo. Pulogalamuyi ndi yopepuka, ndipo imakhala bwino pa makina osasuntha.

Wachiwiri ndi NetworkManager, amene Red Hat anayamba mu 2004 poganizira malaputopu oyendayenda pakati pa ma Wi-Fi osiyanasiyana. Anthu ambiri amamudziwa ngati kachizindikiro ka pakona ya sikirini, koma kuseri kwake kulumikizana kulikonse ndi fayilo ya mu `/etc/NetworkManager/system-connections/`. Mafayilowo akhoza kulembedwa pamanja, kenako `nmcli connection reload` n'kuwawerenga. Ngakhale Raspberry Pi OS, imene anthu ambiri amayendetsera timaseva ta pakhomo, inasiya dhcpcd n'kutenga NetworkManager mu 2023.

Pamwamba pa awiriwa pali Netplan ya Canonical, imene Ubuntu inayamba kugwiritsa ntchito mwachikhazikitso mu 17.10, chaka cha 2017. Netplan yokha siyendetsa khadi. Imawerenga mafayilo a YAML a mu `/etc/netplan/` n'kuwamasulira kukhala mafayilo a networkd kapena a NetworkManager, amene imawaika pansi pa `/run`. Zonse za mu `/run` zimafufutika makina akazima ndipo zimalembedwanso akayaka, choncho kusintha mafayilo a m'menemo pamanja n'kutaya nthawi. Kumbali ya Red Hat kuli nmstate, imene nayonso imalandira YAML n'kuuza NetworkManager zochita.

Kodi fayilo yotere imaoneka bwanji?

Nachi chitsanzo cha Netplan cha seva ya pakhomo yolumikizidwa ku rauta ndi chingwe:

```
network:
  version: 2
  renderer: networkd
  ethernets:
    enp3s0:
      dhcp4: false
      addresses:
        - 192.168.1.20/24
      routes:
        - to: default
          via: 192.168.1.1
      nameservers:
        addresses:
          - 192.168.1.1
          - 9.9.9.9
```

Mzere wa `renderer` ukusankha amene agwire ntchitoyo. `enp3s0` ndi dzina la khadi. `dhcp4: false` akutanthauza kuti sevayi isapemphe adiresi kwa rauta, ikhale ndi yakeyake, 192.168.1.20. Adiresiyi ili m'gulu la 192.168.0.0/16, limodzi mwa magulu atatu amene chikalata cha RFC 1918 cha mu 1996 chinapatulira manetiweki a m'nyumba ndi m'maofesi. Ena ndi 10.0.0.0/8 ndi 172.16.0.0/12. Nambala ya 24 ikunena kuti mwa mabiti 32 a adiresi, 24 oyamba ndi dzina la netiweki, kotero malo otsala amakwana makina 254. Chigawo cha `routes` chikuti chilichonse chosakhala cha netiwekiyi chidzere pa 192.168.1.1, amene ndi rauta. Kumapeto kuli maseva awiri a DNS: rauta yomweyo, ndi 9.9.9.9 ya Quad9.

Mu fayilo yonseyi mulibe mneni ngakhale mmodzi. Mulibe "onjezera", mulibe "chotsa". Mwini seva akafuna adiresi ina amasintha nambala, ndipo kuchotsa yakale si ntchito yake.

YAML ili ndi kakhalidwe kake kamene kamagwetsa ongoyamba kumene. Mipata ya kumayambiriro kwa mzere ndi imene imasonyeza chinthu chili pansi pa chinzake, ndipo batani la Tab sililoledwa pamenepo. Mzere wa `via` ukasunthira kumanzere ndi mipata iwiri yokha, fayilo yonse imakanidwa. Malangizo akale ambiri amasonyezanso mzere wa `gateway4`, umene Netplan inasiya kuulimbikitsa. Chipata tsopano chimalembedwa mu `routes` ngati pamwambapa.

Bwanji fayilo ikalakwika pamene munthu ali kutali ndi sevayo?

Apa ndi pamene pali ngozi yaikulu ya ntchito yonseyi. Seva ya pakhomo kawirikawiri ilibe sikirini kapena kiyibodi. Imakhala pamwamba pa kabati pafupi ndi rauta, ndipo mwini wake amailowa kudzera pa SSH, mwina ali m'chipinda china, mwina ali m'tauni ina. Netiweki imene akuisinthayo ndi yomweyo imene yamunyamula. Akalemba 192.168.1.20 ngati 192.168.11.20 n'kulamula `netplan apply`, zilembo za pa sikirini yake zimangouma. Sevayo ili moyo, fani yake ikuzungulira, nyale yake ikuphethira, koma sikumvanso aliyense. Chotsala n'kukwera pampando, kuitsitsa, n'kufunafuna chingwe cha sikirini chimene chinasowa kalekale.

Mankhwala ake ndi kusintha kodzibweza kokha. Lamulo la `netplan try` limaika makonzedwe atsopano n'kuyamba kuwerenga masekondi 120. Munthu akadina Enter nthawiyo isanathe, zasinthidwazo zimakhazikika. Akalephera, chifukwa choti kulumikizana kwaduka, Netplan imabwezera zakale ndipo khomo limatsegukanso. Ganizoli ndi lakale pa marauta aakulu: mu Junos ya kampani ya Juniper muli `commit confirmed`, imene imabweza makonzedwe pakatha mphindi 10 ngati palibe wotsimikiza. Kudzibweza kotere n'kotheka chifukwa makonzedwe akale ndi chinthu chathunthu cholembedwa, chimene chingaikidwenso chonse. Malamulo olembedwa limodzilimodzi alibe "zakale" zoti n'kubwererako.

Chidachi chili ndi malire. Pa makonzedwe ena a milatho ndi makhadi omangidwa pamodzi, `netplan try` imakana kuyamba, chifukwa siingatsimikize kuti idzabweza zonse. Komanso Enter sayenera kudinidwa mothamanga. Chanzeru n'kutsegula kulumikizana kwachiwiri kwa SSH masekondiwo akuwerengedwa, kuyesa dzina la webusaiti kuti DNS ioneke ngati ili bwino, kenako n'kutsimikiza.

N'chifukwa chiyani khadi likutchedwa enp3s0 m'malo mwa eth0?

Kale kernel inkapereka mayina motsatira khadi limene yayamba kuliona: loyamba eth0, lachiwiri eth1. Pa makina a makhadi awiri, mayinawo ankatha kusinthana pakati pa kuyatsa kwa lero ndi kwa mawa, ndipo malamulo otetezera khadi la kunja ankagwera pa khadi la m'kati. Kuyambira systemd 197, mu 2013, dzina limachokera pa malo amene khadi lili: `en` ndi Ethernet, `p3` ndi basi yachitatu ya PCI, `s0` ndi malo ake pa basiyo. Khadi la Wi-Fi limayamba ndi `wl`.

Fayilo ya makonzedwe imadalira dzina losasuntha, choncho kusinthaku kunaithandiza. Komabe dzinali limamangirira pa manambala a PCI, ndipo pa makompyuta ena kulowetsa diski ya NVMe kapena khadi la zithunzi kumasuntha manambalawo. Khadi lija limadzuka lili enp4s0, fayilo ikufunabe enp3s0, seva n'kukhala yopanda netiweki. Pofuna kupewa izi, fayilo ingasankhe khadi potengera adiresi yake ya MAC, imene siyendera malo. Mu Netplan zimatheka ndi `match` ndi `macaddress`, ndipo `set-name` imalola kulipatsa khadilo dzina lomveka monga `lan0`.

Kodi NixOS imasiyana bwanji ndi zonsezi?

Netplan ndi networkd zimalongosola netiweki yokha. NixOS imalongosola kompyuta yonse m'fayilo ya `/etc/nixos/configuration.nix`: mapulogalamu, anthu ololedwa kulowa, ntchito zoyaka zokha, ndi netiweki yomwe. Dzina la makina limalembedwa pa `networking.hostName`, ndipo mzere wa `networking.firewall.allowedTCPPorts = [ 22 443 ];` umatsegula mapoti awiri, ena onse n'kukhala otseka.

Lamulo la `nixos-rebuild switch` limamanga dongosolo lonse latsopano pambali pa lakale, kenako n'kusamukira kumeneko. Lakale silifufutidwa. Limakhala ngati m'badwo wapita, ndipo mibadwo yonse imaoneka pa mndandanda umene umabwera kompyuta ikamayaka, kotero munthu angasankhe dongosolo la dzulo ngati la lero lavuta. Palinso `nixos-rebuild test`, imene imayatsa makonzedwe atsopano osawaika pa mndandandawo. Netiweki ikaduka, aliyense amene ali kunyumba angazimitse seva n'kuiyatsanso, ndipo imadzuka ndi makonzedwe akale. Kwa munthu amene seva yake ili kutali, kumene kuli wachibale wodziwa batani lokha, chimenechi n'chamtengo wapatali.

Walira mvula walira matope. Chinenero cha Nix chimatenga nthawi kuchizolowera, mauthenga ake a zolakwika ndi ovuta kuwamva, ndipo kumanganso dongosolo kumafuna kutsitsa zinthu zambiri pa intaneti, zimene zimamveka m'thumba kumene bando ya intaneti ndi yodula. Munthu wofuna kungokhazikitsa adiresi ya seva imodzi sakufunika kusamukira ku NixOS. Wofuna kuti seva yonse ithe kumangidwanso kuchokera pa fayilo imodzi sangapeze zambiri zoiposa. GNU Guix, imene Ludovic Courtès anayamba mu 2012, imatsata ganizo lomweli m'chinenero cha Scheme.

Fayilo ili bwino, koma makina sakuitsatira. Chimachititsa n'chiyani?

Nthawi zambiri chimakhala chakuti khadi limodzi lili ndi mabwana awiri. NetworkManager ndi networkd akayaka onse n'kumalimbirana khadi lomwelo, kapena dhcpcd wakale akatsalira, seva imapezeka ndi maadiresi awiri ndi zipata ziwiri, ndipo imagwira ntchito mwa apo ndi apo. Khadi lililonse liyenera kukhala ndi mwini mmodzi. Lamulo la `networkctl` limasonyeza makhadi amene networkd akuyang'anira, ndipo `nmcli device` imasonyeza a NetworkManager.

Chachiwiri ndi dongosolo la mayina a mafayilo, ndipo apa zida ziwiri zimayenda mosemphana. Kwa networkd, fayilo yoyamba motsatira zilembo imene yagwirizana ndi khadi ndi imene imagwira, zotsatira zonse n'kunyalanyazidwa. Kwa Netplan, mafayilo onse amaphatikizidwa, ndipo yakumapeto imapambana pamene pali kutsutsana. Ndiye chifukwa chake mayina amayamba ndi manambala monga 10, 50 kapena 99.

Chachitatu ndi cloud-init. Pa maseva obwereka ndi pa Ubuntu Server, pulogalamuyi imalemba fayilo ya `50-cloud-init.yaml`, ndipo ikhoza kuilembanso n'kufafaniza zimene munthu anasintha. Imaletsedwa ndi kafayilo ka mu `/etc/cloud/cloud.cfg.d/` konena kuti isakhudze netiweki.

Pomaliza pali `/etc/resolv.conf`. Anthu ambiri amaitsegula, kupezamo 127.0.0.53, n'kuganiza kuti yawonongeka. Adiresiyo ndi ya systemd-resolved, amene amalandira mafunso a DNS pa makina omwewo n'kuwapititsa ku maseva enieni. Kusintha fayiloyo pamanja sikukhalitsa. Maseva enieniwo amaoneka ndi `resolvectl status`, ndipo malo owasinthira ndi fayilo ya makonzedwe ija.

Kodi seva ya pakhomo ikhale ndi adiresi yolembedwa kapena ilandire kwa rauta?

Njira zonse ziwiri zimagwira. Rauta ingauzidwe kuti nthawi zonse izipereka adiresi imodzimodzi kwa khadi la MAC yakutiyakuti, ndipo fayilo ya seva imangonena `dhcp4: true`. Ubwino wake ndi wakuti maadiresi onse a pakhomo amaonekera malo amodzi. Kuipa kwake n'kwakuti makonzedwewo ali m'kati mwa rauta, kumene anaikidwa podinadina, ndipo rauta ikapsa ndi mphezi kapena ikasinthidwa amapita nayo.

Kumadera kumene magetsi amathimathima pali chifukwa china chokondera adiresi yolembedwa. Magetsi akabwera, seva ndi rauta zimayaka limodzi, ndipo kawirikawiri seva imafulumira. Yodalira DHCP, ndiye kuti yolandira adiresi kwa rauta, imayamba yadikira, ndipo ntchito zina zofuna adiresi zikhoza kuyaka msanga n'kulephera. Ya adiresi yolembedwa imaitenga chingwe chikangokhala ndi moyo. Chofunika n'chakuti adiresiyo ikhale kunja kwa gulu limene rauta imagawa: ngati imagawa kuyambira 100 mpaka 200, seva ikhale pa 20, kuopa kuti tsiku lina foni ya mlendo ingapatsidwe nambala yomweyo.

Nanga kompyuta ya patebulo ndi laputopu, n'zoyenera njirayi?

Kompyuta ya patebulo yolumikizidwa ndi chingwe siisiyana ndi seva, ndipo fayilo ya mizere khumi imaikwanira. Laputopu ndi nkhani ina. Lero ili pa Wi-Fi ya kunyumba, mawa pa ya kuntchito, mkuja pa foni, tsiku lina pa ya hotela yofuna kuti munthu ayambe wavomereza malamulo pa tsamba lawo. Zimenezi sizingalembedwe pasadakhale, ndipo woumirira kuti netiweki iliyonse yatsopano idzere m'fayilo amangodzizunza.

Choyenera n'kugawa. Zokhazikika zilembedwe: dzina la makina, mpanda wotetezera (firewall), VPN, Wi-Fi ya kunyumba. Zosinthasintha zisiyidwe kwa NetworkManager ndi kachizindikiro kake. Ubuntu inalumikiza mbali ziwirizi kuyambira 23.10: munthu akalowa pa Wi-Fi yatsopano podina, NetworkManager amasunga kulumikizanako ngati fayilo ya YAML mu `/etc/netplan/`, yoyamba ndi `90-NM`.

Kodi mpanda wotetezera ndi VPN nazonso zingalembedwe motere?

Zingatheke, ndipo mpanda ndi umene umapindula kwambiri. Ndi iptables, malamulo nthawi zambiri ankawonjezedwa limodzilimodzi, ndipo pakati pa kuchotsa akale ndi kuika atsopano makina ankatha kukhala poyera kwa kanthawi. Nftables, imene inalowa mu Linux 3.13 mu 2014, imawerenga fayilo yonse ndi `nft -f` n'kuiika ngati chinthu chimodzi: yonse ilowe, kapena ikanidwe yonse mpanda wakale n'kukhalabe. Chenjezo lili pa mzere wa `flush ruleset` umene umakhala pamwamba pa mafayilo ambiri otere. Umasesa zonse, ndipo kumene Docker amaika malamulo ake kudzera mu nftables yemweyo, umasesa ndi amenewo, makontena n'kusowa netiweki mpaka Docker atayatsidwanso.

WireGuard ya Jason Donenfeld, imene inalowa mu Linux 5.6 mu 2020, imaoneka kwa makina ngati khadi lina la netiweki, kotero networkd, NetworkManager ndi Netplan onse amatha kuilongosola. Imathandiza kwambiri seva ya pakhomo yodalira rauta ya simu khadi. Makampani a mafoni kawirikawiri amaika makasitomala ambiri kuseri kwa adiresi imodzi, njira yotchedwa CGNAT, ndipo seva yotere siifikika kuchokera kunja. Sevayo ingatsegule yokha ngalande ya WireGuard kupita ku kaseva kobwereka kokhala ndi adiresi yapoyera, ndipo mzere wa `PersistentKeepalive` wa masekondi 25 umaisunga yotseguka.

Mawu achinsinsi a Wi-Fi ndi makiyi, nawonso alowe m'fayilo?

Fayilo ya makonzedwe imakhala yaphindu ikasungidwa mu Git, kumene kusintha kulikonse kumakhala ndi tsiku ndi chifukwa chake. Pulogalamu ya etckeeper ya Joey Hess imachita zimenezi pa foda yonse ya `/etc`. Koma Git saiwala. Kiyi imene inalowa kamodzi imakhalabe m'mbiri ngakhale itachotsedwa m'fayilo, ndipo nkhokwe ya Git ikakwezedwa pa GitHub poyera, kiyiyo iyenera kuonedwa ngati yabedwa kale.

Choncho zinsinsi zimasiyanitsidwa ndi makonzedwe. Networkd ili ndi `PrivateKeyFile`, yoloza ku fayilo ina yosungidwa padera. Mafayilo a NetworkManager ndi a Netplan okhala ndi mawu achinsinsi azikhala a root yekha, ndi chilolezo cha 600. NetworkManager amanyalanyaza fayilo yotseguka kwa ena, ndipo Netplan imachenjeza. Pa NixOS nkhaniyi ndi yaikulu koposa, chifukwa zolembedwa mu `configuration.nix` zimakathera mu `/nix/store`, kumene aliyense wolowa pa makinawo angawerenge. Zida za agenix ndi sops-nix zinapangidwira vutoli: chinsinsi chimasungidwa chobisika ndipo chimatsegulidwa pa makina pokha.

Nanga pa Windows ndi macOS?

Ganizoli liliponso kumeneko, ngakhale anthu a kompyuta imodzi saligwiritsa ntchito kwambiri. Microsoft inabweretsa Desired State Configuration mu PowerShell 4.0 mu 2013, ndipo Apple ili ndi mafayilo a `.mobileconfig` amene amanyamula makonzedwe a Wi-Fi, VPN ndi DNS. Zonsezi zimapezeka kwambiri m'makampani ndi m'masukulu oyang'anira makina ambiri.

Seva imene ikugwira kale ntchito ingasamutsidwe bwanji?

Choyamba n'kulemba zimene zilipo. Zotuluka pa `ip addr`, `ip route`, `resolvectl status` ndi `nft list ruleset` zisungidwe m'fayilo ya padera, pamodzi ndi kope la makonzedwe akale. Kenako afufuzidwe malamulo obisala: mu `rc.local`, mu cron, m'mizere ya `post-up`. Chilichonse chopezeka kumeneko chiyenera kupeza malo m'fayilo yatsopano kapena kutayidwa mwadala.

Chida chisankhidwe motsatira Linux imene ilipo: Netplan pa Ubuntu, NetworkManager pa Fedora ndi pa Raspberry Pi OS, networkd pa Debian kapena Arch yopanda sikirini. Kulimbana ndi chimene dongosolo linabwera nacho kumabala mabwana awiri aja. Fayilo yoyamba ikhale yaing'ono, ya khadi limodzi ndi adiresi imodzi, ndipo kusamuka koyambaku kuchitike munthu ali pafupi ndi makina, sikirini ndi kiyibodi zili zolumikizidwa. Woyang'anira wakale azimitsidwe ndi kuletsedwa kuyakanso. Milatho, VLAN ndi WireGuard zibwere pambuyo, chimodzichimodzi, chilichonse ndi kusungidwa kwake mu Git.

Kuyesa komaliza ndi kuzimitsa seva n'kuiyatsanso, kenako kuizimitsa pamodzi ndi rauta ngati mmene zimakhalira magetsi akathima. Ikadzuka, zotuluka pa `ip addr` ndi `ip route` zifananizidwe ndi zimene zinasungidwa poyamba paja. Mzere uliwonse umene ukusowa ndi chinthu chimene chinaikidwa pamanja nthawi ina ndipo sichinalowebe m'fayilo.